Kodi lamba wovala kumutu wolumikiza ku foni angapime khunyu?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Kapata, kuno ku Chipata: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 11 wagwa katatu chiyambire chaka chino, kawiri kunyumba ndipo kamodzi kusukulu. Ku kiliniki anati mwina ndi khunyu, anatipatsa mankhwala, ndipo ananena kuti zikanakhala bwino akanapimidwa ubongo ndi makina a EEG ku Lusaka. Ndalama za ulendowo tilibe pakali pano. Pa Facebook ndaona lamba wovala kumutu amene amalumikizidwa ku foni n'kumaonetsa mmene ubongo ukugwirira ntchito, ndipo mlongo wanga amene ali ku Johannesburg wati angatigulire. Kodi zimenezi n'zoona, ndipo kodi tigule?"

Amayi, zipangizo zoyeza ubongo zolumikiza ku foni zilikodi, ndipo zina mwa izo zayesedwa kale pa anthu odwala khunyu, koma lamba wa mtundu umene mwaonawo musagule, chifukwa sangakuuzeni ngati mwana wanu ali ndi khunyu kapena ayi. Alongo anuwo auzeni kuti ndalamazo azisunge, popeza zikhoza kudzafunika pa ulendo wa kuchipatala.

Kuti mumvetse chifukwa chake, mpofunika kudziwa kaye chimene makina a EEG amayeza. Maselo a mu ubongo amatumizirana mauthenga pogwiritsa ntchito timphamvu tamagetsi tating'ono kwambiri, ndipo gawo lina la timphamvuto limadutsa chigaza n'kufika pakhungu la pamutu, pamene timabatani tachitsulo totchedwa ma electrode timatha kulitola. Amene anayamba kujambula magetsi amenewa pa munthu anali Hans Berger, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, m'chaka cha 1924, ndipo iye anaona kuti munthu akatseka maso ali phee, mu ubongo mumatuluka mafunde okwera ndi kutsika ka 8 mpaka ka 13 pa sekondi imodzi, omwe amazimiririka munthuyo akangotsegula maso. Selo limodzi palokha silimveka kunja kwa chigaza. Zili ngati ku Mtenguleni pa Nc'wala, pamene munthu amene ali patali sangamve phazi la wovina mmodzi, koma impi yonse ikaponda pansi nthawi imodzi amamva nthaka ikugunda. Khunyu limaoneka pa EEG chifukwa maselo ambirimbiri amatulutsa magetsi nthawi imodzi mosayenera, ndipo pa mzere wojambulidwawo pamaoneka nsonga yakuthwa yosiyana ndi mafunde ena onse. Makinawo salowetsa magetsi m'mutu, sapweteka, ndiponso sawerenga maganizo a munthu monga ena amaopera.

Vuto lalikulu pa ntchito imeneyi ndi kuchepa kwa magetsiwo. Batire ya tochi ili ndi mphamvu ya 1.5 volt, pamene magetsi a ubongo akafika pakhungu nthawi zambiri saposa 100 microvolt, kutanthauza kuti batire ija imawaposa ka 15,000. Chilichonse chapafupi chimawaphimba. Mwana akaphethira, mizere ya pachipumi imadumpha kwambiri kuposa mafunde a ubongo. Akatafuna kapena kukukuta mano, tsamba lonse limada ndi timizere ta minofu ya nsagwada, ndipo thukuta limachititsa mzere kuyandama pang'onopang'ono ngati kuti muli vuto mu ubongo pamene mulibe. Ngakhale chaja imene ili pakhoma imalowetsa phokoso lake, chifukwa magetsi a ZESCO amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kugwedezeka kumeneko kumalowa m'mawaya. Gawo lalikulu la maphunziro a munthu wowerenga EEG ndi kusiyanitsa zochokera mu ubongo ndi zinyalala zoterezi, ndipo ngakhale madokotala amene sanazolowere ntchitoyi amatha kuona khunyu pamene pali kuphethira chabe.

Foni payokha ilibe kachipangizo kotolera magetsi a ubongo. Ntchito yake ndi kulandira zimene timabatani tatola kudzera pa Bluetooth, kuzisunga, kuzionetsa pa sikirini ndi kuzitumiza pa intaneti. Choncho pulogalamu iliyonse imene ikunena kuti ipima ubongo mukaika chala pa sikirini kapena mukayang'ana kamera ndi yabodza, ndipo pa imeneyo palibe chokambirana.

Malamba ogulitsidwa kwa anthu wamba ndi nkhani ina, chifukwa amatoladi magetsi a ubongo, koma anapangidwira ntchito ina. Wodziwika kwambiri ndi Muse wa ku Canada, amene amatola mafunde pamalo anayi okha, awiri pachipumi ndi awiri kuseri kwa makutu, ndipo cholinga chake ndi kuthandiza munthu kukhazika mtima pansi kapena kuona mmene akugonera. Palinso ena amene ali ndi kabatani kamodzi kokha pachipumi. Kuchipatala, wopima amayamba ndi tepi yoyezera, kuchokera pamwamba pa mphuno mpaka pa kafupa ka kunkhongo, kenako kuchokera khutu lina kufika khutu linzake, n'kuika timadontho ndi pensulo motsatira ndondomeko yotchedwa 10-20, ndipo pamapeto pake pamutu pamakhala timabatani pafupifupi 21, kalikonse komatidwa ndi phala lake pakhungu lopukutidwa bwino. Kuchuluka kumeneku kuli ndi chifukwa chake: nsonga ya khunyu ikhoza kutuluka pa kadera kamodzi kokha, mwina paliwombo, mwina kunkhongo, mwina m'mbali mwa mutu, ndipo dokotala amaizindikira poyerekeza kabatani kamodzi ndi timene tayandikana nako. Lamba wa pachipumi saona mbali yaikulu ya mutu, ndipo malo amene amaonawo ndi omwe amasokonezedwa kwambiri ndi maso ndi nsagwada. Pulogalamu yake imaonetsa mitundu yokongola ndi manambala osonyeza "bata" kapena "chidwi", zimene palibe dokotala angazigwiritse ntchito posankha mankhwala. Choopsa chenicheni n'chakuti foni ikaonetsa kuti zonse zili bwino, kholo likhoza kuleka kupatsa mwana mankhwala.

Zipangizo zimene zikupereka chiyembekezo ndi zija zopangidwira ogwira ntchito zachipatala. Ku Technical University of Denmark anakonza chotchedwa Smartphone Brain Scanner-2, chomwe ndi chipewa cha timabatani 14 cholumikizidwa ku foni kapena tabuleti ya Android, ndipo mtengo wake unali madola mazana ochepa chabe, pamene makina a kuchipatala amadya madola masauzande ambiri. Gulu lotsogozedwa ndi Dr Farrah Mateen wa ku Massachusetts General Hospital linachiyesa ku Bhutan, dziko la mapiri limene akatswiri a ubongo ndi osowa ngati kwathu kuno, pa anthu 205, aliyense akupimidwa ndi chipewacho komanso ndi makina a masiku onse. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2017, ndi zofunika kuzimvetsa bwino. Pa anthu amene makina aakulu anawapeza ndi zizindikiro za khunyu, chipewacho chinapeza pafupifupi 4 mwa 10 alionse, pamene pa anthu amene makina aakulu sanawapeze ndi kanthu, chinagwirizana nawo pafupifupi ka 95 pa 100. Tanthauzo lake n'lakuti chikapeza kanthu mukhoza kuchikhulupirira ndithu, koma chikapanda kupeza, simunadziwe chilichonse. Pambuyo pake anachiyesanso ku Conakry m'dziko la Guinea. M'malo onse awiriwo, amene ankaveka odwala chipewacho anali anthu ophunzitsidwa, ndipo zojambulidwazo zinkatumizidwa kwa akatswiri a kutali kuti aziwerenge, osati kuti foniyo inkapereka yankho yokha.

Maganizo anga ndi akuti zipangizo zoterezi malo ake ndi m'zipatala za m'maboma monga Lundazi, Petauke kapena Chadiza, m'manja mwa namwino kapena clinical officer wophunzitsidwa, osati m'nyumba za anthu. Zimayendera batire, ndipo aliyense amene anakhala m'dziko lino mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, akudziwa kufunika kwake. Kuyendera batire kumachepetsanso phokoso lija la magetsi a pakhoma. Zimatha kufika pa bedi la wodwala amene sanganyamulidwe, ndipo apa ndikuganizira makamaka ana odwala malungo a mu ubongo. Ofufuza a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre anaonetsa kuti ena mwa ana amene ali chikomokere ndi malungo amakhala akugwidwa khunyu mkati mwa ubongo thupi lili zii, mwina chikope chokha kapena chala n'kumagwedera pang'ono, ndipo popanda EEG palibe amene angadziwe. Ku United States kuli lamba wa kampani ya Ceribell, wa timabatani 10 tozungulira mutu, amene analoledwa kugwiritsidwa ntchito m'zipinda za odwala mwakayakaya pofufuza vuto lomweli. Komabe chipangizo chotsika mtengo sichithetsa kusowa kwa owerenga. Maphunziro a ukatswiri wa matenda a ubongo anayamba mu 2018 ku University Teaching Hospital ku Lusaka, ndipo akatswiriwo akadali ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu a m'dziko lonse, kotero kuti zojambula zochokera m'makiliniki mazanamazana zikhoza kungounjikana popanda woziyang'ana. Palinso nkhani ya tsitsi, imene opanga ambiri sanaiganizire: timabatani touma, topanda phala, timavutika kufika pakhungu pa tsitsi lathu lopotana, makamaka lolukidwa kapena lodzola mafuta ambiri.

Tsopano za mwana wanu. Chimene mwina sanakufotokozereni bwino ku kiliniki n'chakuti khunyu silipezeka ndi makina okha, koma makamaka ndi mbiri ya zimene zinachitika. Munthu amene wagwidwa kawiri kapena kuposa, pamasiku osiyana, popanda chomuputa monga kutentha thupi, malungo kapena kutsika kwa shuga, amawerengedwa kuti ali ndi khunyu ngakhale sanapimidwepo ubongo. EEG ya masiku onse imatenga mphindi 20 mpaka 30, ndipo kawirikawiri imajambulidwa wodwala ali bwinobwino, motero pafupifupi theka la anthu amene alidi ndi khunyu zotsatira zawo zoyamba zimatuluka zopanda vuto, ngakhale pa makina abwino kwambiri. Choncho a ku kiliniki sanalakwitse poyambitsa mankhwala asanaone EEG, ndipo inu musawasiye kapena kuwadumphitsa podikira ulendo wa ku Lusaka, chifukwa kusiya mwadzidzidzi mankhwala monga phenobarbitone kukhoza kubweretsa kugwa koopsa kuposa koyamba. Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo mpaka 7 mwa 10 akhoza kuleka kugwa atapimidwa ndi kulandira mankhwala oyenera.

EEG imathandiza kwambiri pofuna kudziwa mtundu wa khunyu, popeza mankhwala amasiyana. Pali ana ena amene sagwa konse, koma amangoima chilili kwa masekondi ochepa, maso ali tong'o, osayankha akaitanidwa, kenako n'kupitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika, ndipo aphunzitsi amawatenga ngati ana osamvera. Mwana wotere akauzidwa kupuma mwamphamvu kwa mphindi zitatu ali pa makina, mutu wonse umatulutsa nsonga ndi funde katatu pa sekondi, chizindikiro chimene wowerenga sangachiphonye. Achinyamata ena amadzidzimuka manja m'mawa, n'kutaya kapu ya tiyi kapena mswachi. Pa mitundu iwiri imeneyi mankhwala otchedwa carbamazepine, amene amathandiza odwala ambiri, akhoza kuwonjezera vutolo. Ngati mwana wanu amachita chimodzi mwa zimenezi, kapena akupitiriza kugwa ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, kapena wayamba kubwerera m'mbuyo kusukulu, ndiye kuti ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road ndi woyenera ndalama zake.

Kuno kummawa kuli chinthu china choyambitsa khunyu chimene palibe EEG ya mtundu uliwonse ingachione. Munthu akadya nyama ya nkhumba ya masese yosapsa bwino amakhala ndi njoka yaitali ya m'mimba, mazira ake amatuluka m'chimbudzi, ndipo aliyense amene wameza mazirawo kudzera m'madzi, m'ndiwo zamasamba kapena m'manja osasamba akhoza kumera timatuza mu ubongo, ngakhale iye mwini sanalawepo nkhumba. Kafukufuku amene anachitika m'boma la Katete n'kusindikizidwa mu 2015 anapeza kuti oposa theka la odwala khunyu amene anaunikidwa anali ndi zizindikiro za matenda amenewa. EEG imaonetsa mmene ubongo ukugwirira ntchito, pamene timatuzato timaoneka pa makina ojambula mkati mwa mutu monga CT scan. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kupempha kalata yopita ku Chipata Central Hospital musanaganize za Lusaka, kuti dokotala aone ngati chimene mwanayo akufunika ndi EEG, CT scan, zonse ziwiri, kapena kungosintha mlingo wa mankhwala molingana ndi kulemera kwake.

Foni imene muli nayo kale ikhoza kuthandiza dokotala kuposa lamba aliyense amene angachokere ku Johannesburg, ndipo thandizolo lili mu kamera yake. Dokotala sakhalapo mwana akamagwa, ndipo mboni zimakumbukira mosiyanasiyana chifukwa cha mantha: wina amati zinatenga theka la ola pamene zinatenga mphindi ziwiri. Kafukufuku wa ku United States wa mu 2020 anaonetsa kuti akatswiri a khunyu, poonera chabe mavidiyo ojambulidwa ndi achibale pa foni, ankatha kusiyanitsa khunyu ndi matenda ofanana nalo molondola pafupifupi ka 9 pa 10. Gwirizanani pasadakhale kunyumba kuti mmodzi azisamalira mwana ndipo wina azijambula, ndipo ngati muli nokha, siyani foni musamale mwana. Wosamalira amuchotse pafupi ndi moto, mbaula kapena madzi, aike chitenje chopindidwa pansi pa mutu, asamugwire mwamphamvu, asalowetse supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukangoleka amugoneke chammbali. Malovu ake sapatsira matenda, ndipo mfundo imeneyi mukaifotokozenso kwa aphunzitsi, chifukwa ana ambiri amapsa kapena kuvulala anthu ataima patali poopa kutengera.

Wojambula ayambe msanga momwe angathere, popeza chiyambi ndicho chimanena zambiri: kodi mutu ndi maso zinatembenukira mbali imodzi, kodi dzanja limodzi ndilo linayamba, kodi anali kunyambita milomo kapena kutolatola zovala asanagwe. Ajambule thupi lonse pamodzi ndi nkhope, osati mwendo wokha, ayatse nyali kapena atsegule chitseko ngati muli mdima, ndipo wina amuitane dzina mokweza kuti zimveke ngati akuyankha. Asazimitse kamera kugwedezeka kukatha, chifukwa mphindi zotsatira, pamene mwana akuliza mkonono, wasokonezeka, kapena mkono umodzi walefuka, ndi umboni wofunika kwambiri posiyanitsa khunyu ndi kukomoka wamba. Vidiyoyo imasunganso nthawi, ndipo kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena mwana akagwidwanso asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Vidiyo yotere ndi ya dokotala yekha. Musaitumize m'magulu a WhatsApp a ku mpingo kapena a kusukulu, ngakhale pofuna mapemphero, chifukwa mwanayu adzakula ndipo chimene chalowa pa intaneti sichibwerera. Pambali pa vidiyo, lembani m'kope kapena mu foni tsiku ndi nthawi ya kugwa kulikonse, ngati anagona mokwanira usiku wake, ngati anadwala malungo, ndiponso ngati anaphonya mankhwala, ndipo muike alamu ya nthawi yomwera mankhwala.

Mwina mudzaonanso mawotchi a pamkono amene amati amachenjeza za khunyu. Amenewa sayeza ubongo, koma kugwedezeka kwa mkono ndi kusintha kwa khungu, ndipo amatumiza uthenga ku foni ya wosamalira. Amagwira bwino pa kugwa kogwedeza thupi lonse kokha, amafuna netiweki ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo kwa mwana amene amagona chipinda chimodzi ndi abale ake sindikuona kuti angawonjezere zambiri.

Dokotala akanena kuti EEG ikufunikadi, funsani ngati tsiku lingakonzedwe musananyamuke, kuti musakagone masiku ambiri ku Lusaka mukudikira. Mwanayo asambe m'mutu ndi sopo usiku wake ndipo asadzole mafuta alionse kutsitsi, koma kumumeta mpala sikofunika. Adye chakudya cham'mawa, amwe mankhwala ake monga mwa nthawi zonse pokhapokha dokotala atanena zina, ndipo mufunse ngati akufuna kuti agone mochedwa usiku wake, chifukwa zizindikiro za khunyu zimaoneka mosavuta mwana akamawodzera kapena akagona pa makina. Mutenge kalata ya chipatala, mapaketi a mankhwala amene akumwa, kope lija ndi foni yokhala ndi mavidiyo, ndipo musanabwerere mufunse kuti zotsatira zidzatuluka liti komanso kuti zidzafika bwanji kwa dokotala wa kuno ku Chipata amene akuyang'anira mwanayo.